John Bunyan: Wokhoma mapoto amene ndende idamusula

Pa 12 Novembala 1660 anthu owerengeka adasonkhana m'nyumba ya mlimi wina pamudzi wa Lower Samsell, m'dera la Bedfordshire ku England, kudikira mlaliki. Mlalikiyo atangofika, mwini nyumba adamunong'oneza kuti zinthu sizili bwino. Majisitireti wa m'deralo, Francis Wingate, adali atalemba kale chikalata chomumangira ndipo wapolisi adali m'njira.

Mpata wothawa udalipo. Mlalikiyo, John Bunyan, adatuluka panja n'kuyamba kuzungulirazungulira m'munda uku akusinkhasinkha. Kunyumba adali atasiya ana anayi, mmodzi mwa iwo wosaona, komanso mkazi wachitsikana woyembekezera. Koma adaganizanso za anthu amene iye mwini ankawalimbitsa mtima tsiku ndi tsiku. Akadaona mlaliki wawo ali liwiro la mtondo wadooka, ndani mwa iwo akadalimba tsiku lake litafika?

Adabwerera m'nyumba muja n'kuyamba mapemphero. Asanalowe n'komwe mu ulaliki, wapolisi uja adatulukira. Bunyan adali pafupi kukwanitsa zaka 32, ndipo ufulu wake weniweni adadzauonanso ali ndi zaka 43.

Mwana wa mmisiri

Bunyan adabadwa m'chaka cha 1628 kufupi ndi mudzi wa Elstow, pafupi ndi tauni ya Bedford, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa London. Bambo ake, Thomas Bunyan, adali mmisiri wokhoma ndi kumata mapoto, maketulo ndi ziwiya zina zachitsulo, wonga amisiri okhoma ndowa aja opezeka kuseri kwa msika. Ntchitoyi inkanyozeka kwambiri ku England masiku amenewo chifukwa ambiri oigwira adali oyendayenda, ndipo anthu ankawaganizira zakuba ndi uchidakwa. Sukulu John adangoilawa, yongokwanira kudziwa kuwerenga ndi kulemba, kenako adayamba kuthandiza bambo ake.

Chaka cha 1644 chidamuonetsa zakuda. Mayi ake, Margaret, adamwalira mu Juni. Mwezi wotsatira mlongo wake, nayenso dzina lake Margaret, adatsatira. Misozi isanaume, mu Ogasiti, bambo ake adakwatira mkazi wina. Chaka chisanathe, mnyamata wa zaka 16 uja adali msilikali.

Nthawiyo n'kuti dziko la England lili pankhondo yapachiweniweni pakati pa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo. Bunyan adali mbali ya Nyumba ya Malamulo, pakampu ya Newport Pagnell, mpaka 1647. Za kunkhondoko adalembako zochepa, koma chimodzi sichidamuchoke m'mutu. Tsiku lina adasankhidwa kupita ndi anzake kukazinga malo ena a adani, koma msilikali mnzake adapempha kuti apite m'malo mwake. Mnzakeyo ali paulonda, chipolopolo chidamupeza m'mutu n'kufera pomwepo.

Atabwerako, cha m'ma 1649, adakwatira. Chodabwitsa n'chakuti dzina la mkazi wake woyambayu silidalembedwe paliponse, ngakhale ndi Bunyan yemwe. Chodziwika n'chakuti awiriwa adalowa m'banja ali amphawi otheratu, opanda ngakhale mbale kapena supuni. Chuma chonse chimene mkaziyo adabwera nacho adali mabuku awiri achikhristu amene bambo ake adamusiyira pomwalira, lina lolembedwa ndi Arthur Dent, lina ndi Lewis Bayly. Madzulo ankawerengera limodzi, ndipo mayiyu sankatopa kumuuza mwamuna wake za khalidwe loopa Mulungu la malemu bambo ake. Mwana wawo woyamba, Mary, adabadwa mu 1650 ali wosaona.

Nkhondo ya mumtima

Ambiri akamva dzina la Bunyan amangoganiza za ndende ya ku Bedford. Komatu ndende yoyamba, ndipo mwina yowawa kuposa inayo, idali m'mutu mwake momwe.

Paunyamata wake ankadziwika ndi kutukwana. Ankakondanso kuvina, kuliza mabelu a tchalitchi komanso masewera ena omenya kamtengo ndi ndodo pabwalo la mudzi. Kwa munthu wa lero, kupatula kutukwanako, zinazi sizikuoneka ngati milandu yoti n'kusowa nayo tulo. Koma Lamulungu lina mbusa wa pa Elstow adalalikira zodzudzula kuchita masewera pa tsiku la Ambuye, ndipo masana ake Bunyan ali pakati pa masewera aja adamva ngati mawu akumufunsa ngati asiye machimo ake n'kupita kumwamba kapena akhale nawo n'kukapsa. Adaima kanthawi, kenako adaganiza kuti kwa iye nthawi idatha kale, choncho bola angopitiriza.

Patapita nthawi, mayi wina amene mbiri yake pamudzipo sidali yabwino adamumva akutukwana pakhomo pa sitolo, n'kumuuza m'maso muli gwa kuti pakamwa pakepo pakhoza kuwononga achinyamata a mudzi wonse. Kudzudzulidwa ndi munthu wotero kudamuchititsa manyazi, ndipo kutukwana adasiya. Adayamba kuwerenga Baibulo, adasiya kuvina, anansi n'kumamuyamikira kuti wasintha. Iye mwini adadzavomera kuti nthawi imeneyo ankangosangalala ndi kutamandidwako.

Chidamugwetsa ulesi ndi chinthu chaching'ono. Tsiku lina ali pantchito yake m'tauni ya Bedford adapeza amayi atatu kapena anayi osauka atakhala pakhomo akuwothera dzuwa, akukambirana za kubadwa mwatsopano, za kufooka kwa mitima yawo ndi mmene Mulungu amawatonthozera. Adayandikira poganiza kuti nayenso aponyapo mawu, poti ankadziona ngati katswiri pa nkhani za chipembedzo. Adapeza kuti zimene ankakambazo sakuzidziwa ngakhale pang'ono.

Apa m'pamene padayambira zaka zingapo za mazunzo. Ankafunsa ngati ali ndi chikhulupiriro, ndipo tsiku lina panjira ya pakati pa Elstow ndi Bedford adatsala pang'ono kulamula zithaphwi za mumsewu kuti ziume pofuna kudziyesa. Adaopa kuti zikapanda kuuma ndiye kuti wathera pomwepo. Mabelu aja adasiya kuliza koma ankapitabe kukaonerera, mpaka adayamba kuopa kuti belu limugwera. Adasunthira pakhomo, n'kuyambanso kuopa kuti nsanja yonse imugwera, ndipo adathawa.

Choopsa kwambiri chidali ganizo lomwe linkabwerezabwereza m'mutu mwake usana ndi usiku, lomuuza kuti amugulitse Khristu. Ankalimbana nalo mpaka thupi kunjenjemera. M'mawa wina ali gone pabedi, atatopa, adamva ngati mtima wake wavomera kuti Khristuyo apite ngati akufuna. Kuyambira pamenepo adakhulupirira kuti wachita tchimo losakhululukidwa, ndipo nkhani ya Esau, amene adagulitsa ukulu wake ndi chakudya, idamukhala pakhosi kwa zaka ziwiri. Atapita kwa mkhristu wina wachikulire kukamuuza nkhawa yakeyo, mkuluyo adangoti nayenso akuona choncho. Malangizo ena amapha.

Akatswiri ena a zamaganizo akawerenga zimene Bunyan adalemba za nyengoyi amati zikufanana ndi matenda a nkhawa omwe amabweretsa maganizo osafunika mobwerezabwereza. Mwina n'zoona. Koma mwini wakeyo adaziona ngati nkhondo ya mzimu, ndipo zida zimene adalimbana nazo zidali za mzimu.

Amayi a ku Bedford aja adamutengera kwa mbusa wawo, John Gifford, munthu amene kale adali msilikali wa mbali ya mfumu, wotchova njuga ndi womwa mwauchidakwa asanatembenuke mtima. Gifford sadamupatse mayankho achidule. Ankamuitana kunyumba kwake kuti azimvetsera pamene akucheza ndi ena za moyo wauzimu, ndipo ankawaphunzitsa kuti asamangomeza chiphunzitso chifukwa wanena ndi munthu, koma azipempha Mulungu kuti awatsimikizire yekha m'Mawu ake. Nthawi yomweyo Bunyan adapeza buku lakale long'ambikang'ambika la Martin Luther lofotokoza kalata ya Paulo kwa Agalatiya. Adadabwa kuona kuti munthu amene adakhalako zaka zoposa 100 m'mbuyomo adadutsa m'minga yomweyo, ngati kuti bukulo lidachokera mumtima mwake.

Mtendere udabwera pang'onopang'ono, lero kuwala mawa mdima. Koma tsiku lina akuyenda m'munda adazindikira chinthu chimene chidamasula mfundo yonse: kuti chilungamo chake pamaso pa Mulungu sichikwera mtima wake ukakhala bwino, ndipo sichitsika mtima ukavuta, poti chilungamocho ndi Khristu mwini, amene sasintha. Adapita kunyumba akusangalala. Cha m'ma 1653 adalowa mpingo wa Gifford, ndipo mu 1655 adasamukira ku Bedford ndi banja lake.

Posakhalitsa abale a mumpingomo adaona kuti mmisiriyu ali ndi mphatso ya kulankhula. Adayamba kulalikira m'midzi yozungulira, ndipo anthu ankabwera mazanamazana, ena kudzangoona wokhoma mapoto ali pagome. Ophunzira a ku Cambridge ankamunyoza kuti alibe digiri. Buku lake loyamba lidatuluka mu 1656, lotsutsana ndi gulu la ma Quaker, ndipo mawu ake m'menemo adali akuthwa kwambiri. Mu 1658 mkazi wake uja adamwalira n'kumusiyira ana anayi: Mary, Elizabeth, John ndi Thomas. Chaka chotsatira adakwatira mtsikana wina dzina lake Elizabeth.

Mlandu

Mu 1660 ufumu udabwerera ku England, Charles II n'kukhala pampando. Olamulira atsopanowo ankaona misonkhano ya mapemphero ochitikira kunja kwa mpingo wa boma, Church of England, ngati zisa za anthu oukira, poti ambiri mwa amene adamenyana ndi mfumu yakale adachokera m'magulu otero. Bunyan adali mmodzi mwa oyambirira kugwidwa, ndipo adamuzenga pogwiritsa ntchito lamulo lakale la 1593.

Wingate sankafuna zambiri. Adati anthu omuimira pa belo apezeke, Bunyan alonjeze kuti asiya kusonkhanitsa anthu, basi azipita kukakhoma mapoto ake. Bunyan adayankha kuti omuimirawo angotaya ndalama zawo chifukwa iye sasiya. Mu Januwale 1661 adakaonekera pamaso pa oweruza motsogozedwa ndi John Kelynge. Adatsutsana nthawi yaitali za buku la mapemphero la mpingo wa boma, Bunyan akuumirira kuti pemphero loona limachokera mumtima mothandizidwa ndi Mzimu. Chigamulo chidali miyezi itatu m'ndende. Akapanda kusintha adzathamangitsidwa m'dzikomo, ndipo akadzabwerera popanda chilolezo adzanyongedwa. Iye adawauza kuti akamutulutsa lero, mawa lomwe akalalikira.

Miyezi itatu ija idasanduka zaka 12. Mu Epulo 1661, pa mwambo wolonga mfumu, akaidi ambirimbiri adakhululukidwa, koma dzina la Bunyan padalibe.

Munthu amene adasenza mtolo wolemera pa nkhani yonseyi ndi Elizabeth. Uthenga wa kumangidwa kwa mwamuna wake utamupeza, matenda adamuyamba nthawi isanakwane ndipo mwanayo adapitirira. Adatsala ndi ana anayi osabereka yekha, asanathe n'komwe zaka ziwiri m'banjamo. Wina akadalongedza n'kubwerera kwawo. Iye adapita mpaka ku London kukapereka dandaulo ku nyumba ya mafumu ya House of Lords, komwe adamuuza kuti nkhaniyo ndi ya oweruza.

Mu Ogasiti 1661 oweruza akuluakulu atafika ku Bedford, mayiyu adayesa katatu. Kalata ina adachita kuiponya m'ngolo ya Jaji Thomas Twisden ikudutsa. Pomaliza adalowa m'chipinda chimene oweruzawo adakhala ndi akuluakulu a m'deralo, thupi likunjenjemera, n'kuwauza za ana anayi aja, za wosaona uja, ndi kuti akukhalira chifundo cha anthu. Twisden adamufunsa ngati mwamuna wake asiye kulalikira, ndipo iye adayankha kuti sangayerekeze malinga ali ndi mpweya. Adawauzanso kuti mwamuna wakeyo akumanidwa chilungamo chifukwa ndi mmphawi wokhoma mapoto. Jaji Matthew Hale adamumvera chisoni ndipo adamufotokozera njira zina za malamulo, koma adati iye sangachitepo kanthu. Elizabeth adatuluka akulira.

M'chitokosi

Ndende ya boma ya Bedford idali pamphambano ya misewu ya High Street ndi Silver Street, mtunda woyenda mphindi zochepa kuchokera kunyumba kwa Bunyan. Pofuna kuthandiza banja lake, adaphunzira kupanga zingwe za nsapato zokhala ndi kachitsulo kunsonga, ndipo adapanga zambirimbiri zoti zikagulitsidwe. Anthu a ku Bedford amasimba kuti Mary, mwana wosaona uja, adaloweza njira ya kundendeko ndipo ankawapititsira bambo ake msuzi m'kamtsuko.

Apa m'pofunika kunena mosabisa kuti chitseko cha ndendeyo, kunena kwake, chidali ndi kiyi m'kati. Tsiku lililonse pa zaka zonsezo Bunyan akadatha kutuluka atangolonjeza kuti atseka pakamwa. Alipo amene anganene kuti bambo wa ana anayi sayenera kuumitsa khosi chotero, ndipo funso limeneli si lopepuka. Bunyan yemwe sadalipeputse. Adalemba kuti kusiyana ndi mkazi wake ndi ana kunkamupweteka ngati akumusenda mnofu pa mafupa, makamaka akaganiza za Mary: kuti mwina adzamenyedwa, adzapemphetsa, adzagona ndi njala ndi kuzizidwa, mwana amene iye sankafuna kuti ngakhale mphepo imuombe. Ankadziona ngati munthu amene akugwetsera nyumba yake pamutu pa mkazi ndi ana ake. Chidamugwira mtima ndi lonjezo la pa Yeremiya 49:11 lonena za Mulungu wosamala ana amasiye ndi akazi amasiye. Mary adamwalira bambo ake akadali moyo.

Kudalinso mantha a chingwe. Masabata oyambirira, posadziwa bwino malamulo, ankaganiza kuti akhoza kunyongedwa nthawi ina iliyonse. Chimene chinkamuopsa kwambiri si imfayo, koma kuti mwina pokwera makwerero a ponyongerapo adzanjenjemera mawondo, nkhope n'kugwa, adani a Uthenga n'kupezerapo choseka. Choipa china n'chakuti nthawi imeneyo chitonthozo chonse cha Mulungu chidali ngati chabisika. Atalimbana nazo masabata angapo, adafika pogamula kuti ntchito yake ndi kumvera, kaya Mulungu amutonthoza kaya ayi, ndipo ngati n'kudumpha kuchoka pa makwereropo adzadumpha ali wotseka m'maso n'kusiya zotsatira m'manja mwa Khristu. Atangotsimikiza zimenezi, mtima udakhala pansi.

Kusiyana kwa Bunyan wa ku Elstow ndi wa m'ndende kukuonekera pamenepa. Woyamba uja ankayeza chikondi cha Mulungu ndi mmene mtima wake wadzukira tsiku limenelo, n'chifukwa chake ankathawa mabelu ndi kufuna kuumitsa zithaphwi. Wachiwiriyu adaphunzira kuima ngakhale pamene sakumva kalikonse. Adalemba kuti sadalowepo mozama m'Mawu a Mulungu ngati mmene adachitira m'ndendemo, ndipo mavesi amene kale ankangowadutsa adayamba kuwala. Sadadzionetse ngati wangwiro. Pomaliza pa mbiri ya moyo wake adandandalika zofooka zisanu ndi ziwiri zimene ankazionabe mumtima mwake, kuphatikizapo kusakhulupirira ndi kung'ung'udza, n'kunena kuti zimenezi zimamuthandiza kusadzidalira ndi kukhala maso m'pemphero.

Mabuku ake m'ndendemo adali Baibulo ndi buku la John Foxe la mbiri ya anthu ofera chikhulupiriro. Sadali yekha nthawi zonse. Lamulo la 1662 lidachotsa abusa pafupifupi 2,000 mumpingo wa boma, lina la 1664 lidaletsa misonkhano ya mapemphero ya anthu asanu kapena kuposerapo osakhala a banja limodzi, ndipo ndende zidadzaza ndi akhristu. Bunyan adasanduka mbusa wa akaidi anzake. Nthawi zina oyang'anira ndende achifundo ankamulola kutuluka pang'ono, mpaka ulendo wina adafika ku London, koma zitadziwika woyang'anirayo adatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndipo chitseko chidatsekedwa zolimba.

Mu 1666, chaka chimene moto udapsereza mzinda wa London ndipo mliri udafika ku Bedford, adatulutsa buku lofotokoza nkhondo ya mumtima mwake ija, Grace Abounding to the Chief of Sinners, kutanthauza chisomo chosefukira kwa mkulu wa ochimwa. Adalilembera anthu amene adatembenuka mtima ndi ulaliki wake, poti sakadatha kuwayendera.

Ufulu wosakhalitsa

Mu Januwale 1672, akadali mkaidi, mpingo wa ku Bedford udamusankha kukhala mbusa wake. Mu Malichi mfumu idalengeza zofewetsa malamulo a chipembedzo, mu Meyi Bunyan adalandira chilolezo cholalikira, ndipo chikhululukiro chidatsatira mu Seputembala. Chikalata cha chikhululukirocho, chokhala ndi mayina pafupifupi 500, adachimenyera nkhondo ndi ma Quaker, anthu omwe aja adawalasa ndi cholembera mu 1656. Mpingo udagula nkhokwe ina m'tauni momwemo n'kuisandutsa nyumba yopemphereramo, ndipo pamalopo pali tchalitchi cha Bunyan Meeting.

Mavuto sadathere pomwepo. Mu 1674 mtsikana wina wa mumpingo, Agnes Beaumont, adasowa womutenga popita kumsonkhano ku Gamlingay, ndipo Bunyan, monyinyirika, adamukweza pahatchi yake. Bambo a mtsikanayo adakwiya n'kumutsekera kunja. Patangopita masiku ochepa atayanjana, bamboyo adamwalira mwadzidzidzi, ndipo mphekesera zidawanda kuti Agnes wawathira poizoni mothandizidwa ndi mbusayo, amene ankati ndi chibwenzi chake. Kafukufuku wa imfayo adapeza kuti mtsikanayo alibe mlandu, koma matope adali atawaza kale dzina la mbusa.

Nyumba ya Malamulo nayo idakakamiza mfumu kubweza chilolezo chija mu 1673. Bunyan adamangidwanso kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, n'kutuluka mu 1677. Amene adathandiza kuti atuluke ndi John Owen, mmodzi mwa anthu ophunzira kwambiri zaumulungu m'nthawiyo, yemwe ankakonda kukamvera wokhoma mapotoyu akulalikira.

Loto la mkaidi

M'ndende muja Bunyan adali atayamba kulemba nthano ina, poyamba mongodzisangalatsa. Ataonetsa anzake, ena adati isindikizidwe, ena adati nkhani zopeka sizoyenera mbusa. Mu 1678 Nathaniel Ponder, amene ankasindikizanso mabuku a Owen, adaitulutsa ndi mutu wakuti The Pilgrim's Progress, ulendo wa munthu wopita ku mzinda wa kumwamba.

Nkhaniyo ndi loto la munthu wogona m'phanga, ndipo Bunyan adaonetsa m'mphepete mwa tsamba kuti phangalo ndi ndende. Munthu wina wotchedwa Mkhristu, wovala nsanza ndi katundu wolemera kumsana, akuthawa mumzinda woti uwonongedwa. Amene akudziwa moyo wa mlembiyo amauona pa tsamba lililonse. Dambo la matope limene Mkhristu akutitimiramo atangonyamuka ndi zaka zija za kutaya mtima. Mlaliki womulozera njira akukumbutsa za Gifford. Pamsika wa zachabechabe, mnzake wa paulendo, Wokhulupirika, akuzengedwa mlandu ndi woweruza wodana ndi zabwino n'kuphedwa, ndipo kalankhulidwe ka woweruzayo Bunyan adakamva ndi makutu ake mu 1661. Katundu wa kumsana uja akumasuka yekha pa mtanda. Ku Bedford kumasungidwa chitsulo chosulirapo cholemera makilogalamu pafupifupi 27 chimene amati Bunyan ankachibereka poyenda m'midzi.

Chochititsa chidwi n'chakuti mavuto aakulu a Mkhristu akubwera atadutsa kale pa mtanda paja. Akukwera phiri lovuta, akumenyana ndi chilombo m'chigwa, akudutsa mumdima momwe sakuthanso kusiyanitsa mawu ake ndi a mdani womunong'oneza zamwano. Kenako iye ndi mnzake Chiyembekezo akusiya njira chifukwa yawalasa kumapazi, n'kugwidwa ndi chimphona chotayitsa mtima chomwe chikuwatsekera m'linga lake kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka, osadya, chikuwamenya ndi kuwauza kuti angodzipha. Atapemphera usiku, Mkhristu akukumbukira kuti nthawi yonseyi adali ndi kiyi pachifuwa, dzina lake Lonjezo, wotsegula chitseko chilichonse cha m'lingamo. Ngakhale pamtsinje womaliza, mzinda uli poonekera, Mkhristu akumira ndi mantha ndipo mnzake uja akuchita kumugwira mutu kuti usalowe m'madzi. Mlembi wosadziwa mavuto akadamuwolotsa akuimba.

Bukuli lidagulidwa ngati zitumbuwa, makamaka ndi anthu wamba. Lidasindikizidwa maulendo 11 mlembi wake akadali moyo. Gawo lachiwiri, la 1684, likusimba za mkazi wa Mkhristu ndi ana ake anayi akuyenda njira yomweyo, ndipo muli malo a okalamba, amantha ndi olumala. Kuchokera nthawiyo lamasuliridwa m'ziyankhulo zoposa 200, ndipo pafupifupi 80 mwa izo ndi za mu Africa, komwe amishoni ankakonda kulimasulira akangotha Baibulo, nthawi zina asanalimalize n'komwe.

Ulendo womaliza

Kutchuka sikudamusinthe kwenikweni. Adakhalabe m'kanyumba kake ku Bedford, akuyenda pahatchi kuyendera mipingo ing'onoing'ono, mpaka anthu adamupatsa dzina loti Bishopu Bunyan. Mnzake Charles Doe adalemba kuti ku London adaonapo anthu pafupifupi 1,200 atasonkhana 7 koloko m'mawa, tsiku la ntchito, nyengo yozizira, kudzamumvera. Mabuku onse amene adalemba ndi pafupifupi 60, ndipo limodzi la 1684 ndi la malangizo kwa anthu ozunzika, momwe adawachenjeza kuti asabwezere kapena kusungira chidani owazunza.

Mu 1685 chizunzo chidakulanso. Poopa kuti amangidwa kachitatu ndi kulandidwa katundu, mu Disembala chaka chimenecho adalemba chikalata chopereka zonse zimene adali nazo kwa Elizabeth.

Mu Ogasiti 1688 mnyamata wina amene adayambana ndi bambo ake, mpaka kuopsezedwa kuti sadzalandira chuma chamasiye, adapempha Bunyan kuti akawayanjanitse. Mkuluyu adakwera hatchi kupita ku Reading ndipo nkhaniyo adaikonza. Pochoka kumeneko kupita ku London, mtunda wa makilomita oposa 60, mvula yamphamvu idamupeza panjira ndipo adafika atanyoweratu kunyumba kwa mnzake John Strudwick, wamalonda wa pa Snow Hill. Adalalikirabe pa 19 Ogasiti ku Whitechapel, koma kutentha thupi kudamugwetsa, ndipo adamwalira pa 31 Ogasiti 1688 ali ndi zaka 59. Adaikidwa ku Bunhill Fields, manda a akhristu osakhala a mpingo wa boma.

Chaka chotsatira, mu 1689, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola mipingo ngati wake kupemphera mwaufulu. Katundu yense amene adasiya adali wa mapaundi 42 ndi mashiling'i 19. Elizabeth adamwalira mu 1691. Mu 1874 tauni ya Bedford, imene idamusunga m'ndende zaka 12, idamuimikira chipilala cha mkuwa chakumpoto kwa High Street, msewu womwe uja mudali ndendeyo.

Chikalata chija cha 1685 Bunyan adachibisa bwino kwambiri moti ngakhale Elizabeth sadachipeze. Chidatulukira mu 1838, amisiri akugwetsa nyumbayo.